Kuutsa injini yakale: luso la galimoto zamipikisano n'lofunikanso ku Mangochi

M'mbali mwa nyanja ya Malawi, kuchokera pa Boma la Mangochi kukafika ku Monkey Bay, Msaka ndi Malembo, chakudya cha mabanja ambiri chimadalira injini zimene zinaona dzuwa kalekale. Pali injini za maboti zomwe zimaperekeza asodzi a usipa pakati pa nyanja usiku. Pali mapikapu onyamula nsomba ndi anthu m'misewu yafumbi. Palinso sitima ya Ilala, yomwe inayamba kuyenda panyanjayi m'chaka cha 1951.

Injini ikayamba kufuka utsi, kumwa oyilo ndi kulephera kukoka katundu, mwini wake amakhala ndi njira zitatu. Atha kugula yatsopano, atha kugula yogwirapo kale ntchito yochokera kunja, kapenanso kuphwasula yomwe ali nayoyo n'kuimanganso, ntchito imene amakaniko amaitcha ovaholo. Njira yoyambayo inawatalikira ambiri, makamaka kuchokera mu November 2023 pomwe mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, katundu wochokera kunja n'kukwera mtengo. Njira yachiwiri ili ngati maere, popeza wogula saona m'kati mwa chimene akugulacho. Choncho ambiri amathamangira ovaholo.

Chodandaulitsa n'chakuti si ovaholo iliyonse imene imakhalitsa. Injini ina imatuluka m'galaja ikulira bwino, koma pakangotha miyezi itatu yayambanso kufuka, mwinanso yanoka kumene. Ina, ya msinkhu womwewo, imagwira ntchito zaka zambiri osavuta. Kusiyana kwa ziwirizi kumachokera pa zinthu zitatu: kuyeza, ukhondo, ndi kutchuna injini molingana ndi malo amene ikukagwirako ntchito. Amenewa ndi malamulo omwe akatswiri okonza galimoto zamakedzana zamipikisano amatsata m'maiko akunja, ndipo ndi omwewonso amene angapulumutse ndalama ndi moyo wa msodzi wa ku Chembe.

Kumene injini yakale ndi chuma

Ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa kuli magalaja amene ntchito yawo ndi imodzi basi: kuutsa injini za galimoto zaliwiro za m'zaka za m'ma 1950, 1960 ndi 1970. Eni galimotozi sangozisunga m'nyumba kuti anthu aziziona. Amazithamangitsa ndithu, monga zimachitikira ku Goodwood Revival ku England, mpikisano wa galimoto zakale womwe unayamba mu 1998.

Ndalama zimene zimalowa m'galimoto zoterezi n'zoopsa. Mu 2018, Ferrari 250 GTO yopangidwa mu 1962 inagulitsidwa pa mtengo wa madola 48.4 miliyoni a ku America. Mu 2022, Mercedes-Benz 300 SLR ya mu 1955 inagulidwa ndi ndalama za euro zokwana 135 miliyoni. Pa galimoto zamtunduwu, wogula amayang'ana ngati nambala ya injini ikugwirizana ndi imene inalembedwa ku fakitale. Kuikamo injini ina kumagwetsa mtengo wa galimotoyo, choncho yomweyo ndiyo iyenera kukonzedwa, ngakhale yatha chotani.

Chitsanzo chodziwika ndi injini ya Jaguar yotchedwa XK, ya masilinda 6, yomwe inatuluka mu 1948 ndipo inapangidwa mpaka mu 1992. Injiniyi inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France kasanu pakati pa 1951 ndi 1957. Lero zambiri mwa injinizi zikuthamangabe chifukwa okonza ake sasiya kachitsulo kalikonse osakayeza. Amaika mapisitoni onse pa sikelo kuti alemere mofanana, amayeza mpata uliwonse pakati pa zitsulo zokhulana, n'kulemba manambalawo m'buku asanamange bawuti ndi limodzi lomwe.

Wina angaganize kuti zimenezi n'za anthu olemera okhaokha, koma mbiri ya mipikisano ya kuno ku Africa ikutsutsa maganizowo. Mpikisano wa Safari Rally, womwe unayamba mu 1953 m'maiko a Kenya, Uganda ndi Tanganyika, unkadutsa m'matope, m'fumbi ndi m'mitsinje. Mu 1965 anaupambana ndi Joginder Singh wa ku Kenya ndi m'bale wake Jaswant, pa Volvo PV544 yogwirapo kale ntchito imene anachita kuikonzanso okha. Anagonjetsa makampani amene anabwera ndi galimoto zatsopano. Peugeot 404, yomwe achikulire ambiri kuno akuikumbukira, inapambana mpikisano womwewu mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. M'misewu yotere, inkafika kumapeto ndi injini yomangidwa mosamala, yaliwiro koma yosalimba inkathera panjira.

Mwambowu si wachilendo kunyanja

Mangochi ali ndi mbiri yakeyake yomanga ndi kuutsa makina. Sitima ya Chauncy Maples inapangidwa ku Glasgow m'dziko la Scotland mu 1899, n'kubwera kuno ili zidutswazidutswa zikwi zingapo kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire. Pamathithi a Shire, pomwe mabwato sakanatha kudutsa, anthu anachita kusenza ndi kukoka zitsulozo pamtunda. Analumikiza sitimayo kufupi ndi Fort Johnston, yomwe lero ndi Mangochi, ndipo inalowa m'madzi mu 1901. Poyamba inkayendera nthunzi ya moto wa nkhuni, koma m'zaka za m'ma 1960 anaichotsa injini yanthunziyo n'kuikamo ya dizilo.

Nayo Ilala inapangidwa ndi kampani ya Yarrow kufupi ndi Glasgow mu 1949, inabwera ili zidutswa kudzera ku Mozambique ndipo inalumikizidwa ku Monkey Bay. Chimene chaifikitsa zaka zoposa 70 ndi dongosolo: injini za sitima zimatsegulidwa maola ake akakwana, zisanawonongeke, ndipo zonse zochitika zimalembedwa m'buku. Dongosolo limeneli ndi lomwe limasowa injini ikakhala yaing'ono ndipo mwini wake akudikira kuti ikapange ndalama mawa lomwe.

Chimene chimatha m'kati mwa injini

Injini ya petulo ya galimoto imagwira ntchito m'magawo anayi. Pisitoni imatsika n'kukoka mpweya wosakanikirana ndi petulo, imakwera n'kuupanikiza, pulagi imathetheka moto ndipo kuyakako kumakankhira pisitoni pansi, kenako imakweranso kutulutsa utsi. Injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, pisitoni iliyonse imakwera ndi kutsika maulendo 50 pa sekondi imodzi. Chimene chimaletsa zitsulozi kudyana ndi oyilo wopyapyala kwambiri amene amakhala pakati pake.

Pakapita zaka, silinda imaperepeseka. Siiperepeseka mofanana: kumtunda, komwe kuli moto, imatha kwambiri kusiyana ndi kumunsi, ndipo imasiya kukhala yobulungira bwino. Maring'i a pisitoni amalephera kutseka mpata, mphamvu imathawira pansi ndipo oyilo amakwera kukapsa. Mabering'i a crankshaft amakhwepa, mavalavu amasiya kutseka. Kunyanja, zonsezi zimafulumira chifukwa cha mchenga. Kamchenga kakalowa kudzera pa sefa ya mpweya yong'ambika, kamasakanikirana ndi oyilo n'kumapala zitsulo ngati mwala wonolera mpeni.

Komabe si injini iliyonse yofooka imene imafunika kuphwasulidwa. Utsi wabuluu umasonyeza kuti oyilo akupsa. Utsi wakuda umasonyeza kuti mafuta achuluka, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala kabureta kapena sefa yotsekeka. Utsi woyera wosatha umasonyeza kuti madzi akulowa m'silinda, kawirikawiri chifukwa cha gasiketi yopsa. Makaniko wodziwa ntchito amayamba wayeza mphamvu ya kupanikiza kwa silinda iliyonse ndi geji. Masilinda akasiyana kupitirira 10 peresenti, ndiye kuti pali vuto. Akathira kasupuni ka oyilo pabowo la pulagi nambala n'kukwera, vuto ndi maring'i. Ikapanda kukwera, vuto lili pa mavalavu kapena gasiketi, ndipo mbali yam'munsi ya injini sifunika kukhudzidwa. Kuyeza kwa mphindi 20 kumeneku kutha kupulumutsa mwini galimoto ku ovaholo imene sinali yofunika.

Maso ndi zala sizikwanira

Injini ikatsegulidwa, ntchito yeniyeni ndi yoyeza. Mpata wapakati pa crankshaft ndi bering'i pa injini zambiri zazing'ono umakhala pakati pa mamilimita 0.02 ndi 0.06. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi mamilimita 0.07. Palibe chala kapena diso limene lingasiyanitse mpata woyenera ndi wolakwika pa milingo yotere. Mpata ukachepa, oyilo salowa ndipo chitsulo chimagwirana ndi chinzake. Ukakula, oyilo amathawa ndipo injini imayamba kugogoda. N'chifukwa chake pamafunika micrometer, geji yoyezera m'kati mwa silinda, ndi kaulusi ka pulasitiki kotchedwa Plastigauge, komwe kamaphwanyidwa pakati pa zitsulo ziwirizo n'kuonetsa kukula kwa mpatawo.

Njira yachidule imene imapha injini zambiri ndi yoika maring'i atsopano m'silinda yakutha. Ring'i yobulungira singatseke bowo lomwe linasiya kubulungira. Imanamiza kwa masabata angapo, kenako utsi umabwerera. Silinda ikapitirira malire amene wopanga injiniyo analemba, iyenera kukulitsidwa pa makina kuti ilandire mapisitoni okulirapo, omwe amabwera m'milingo ya mamilimita 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00. Crankshaft yokalikakalika nayo imapalidwa pa makina n'kuikidwa mabering'i onenepa molingana. Makina ogwirira ntchitoyi amapezeka makamaka ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kuchokera ku Mangochi kupita ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 190, ndipo mtengo wa ulendowu ndi umene umakopa ambiri kuti adumphe gawo limeneli. Akatero, amadzalipira kawiri.

Silinda ikakulitsidwa, khoma lake amalikanda mwadala timizere topingasana, momwe oyilo amabisala kuti maring'i akhazikike. Ring'i iliyonse imayamba yalowetsedwa yokha m'silinda kuti mpata wapakati pa nsonga zake uyezedwe. Pa silinda ya mamilimita 76, monga ya injini ya Nissan 1400, mpatawu umakhala pafupifupi mamilimita 0.3. Ukachepa, ring'i ikatentha imafutukuka, nsonga zake zimagundana ndipo imathyoka kapena kukala silinda.

Hedi ya injini imayezedwa ngati yapindika. Ikapindika imapalidwa, koma pang'ono pokha, chifukwa kuipala kwambiri kumachepetsa malo oyakira mafuta ndipo injini imayamba kulira ngati muli timiyala ikamakwera mtunda. Mabawuti a hedi amamangidwa ndi sipana yoyeza mphamvu, kuyambira pakati kupita kumbali, m'magawo awiri kapena atatu. Kumanga ndi mphamvu ya mkono basi, mwinanso kuwonjezera paipi ku sipana, ndi kumene kumapsetsa gasiketi yatsopano.

Ukhondo ndi wofunika ngati kuyeza komweko. Buloko yochokera ku makina imakhala ndi fumbi lachitsulo m'njira zonse za oyilo. Iyenera kutsukidwa ndi madzi otentha a sopo ndi timabulashi mpaka kansalu koyera kopukutira m'silinda katuluke kopanda banga. Pamenepa ndi pomwe makaniko wa pansi pa mtengo amaluza, ngakhale atakhala waluso: kamphepo kamodzi kochokera kunyanja n'kokwanira kuthira mchenga pa mabering'i opaka oyilo. Sipafunika nyumba yapamwamba. Tebulo loyera m'chipinda chotsekeka ndi mapepala apulasitiki ophimbira zitsulo n'zokwanira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kutchuna: mpweya, mafuta ndi moto

Injini yomangidwa bwino itha kufa msanga ngati yatchunidwa molakwika. Kutchuna ndi kulinganiza zinthu zitatu: mpweya, mafuta, ndi nthawi imene pulagi imathetheka. Petulo wosasakaniza amayaka bwino akakumana ndi mpweya wolemera kuposa iye maulendo 14.7. Mafuta akachuluka, injini imafuka utsi wakuda ndipo petulo amatsuka oyilo m'masilinda. Akachepa, injini imatentha kwambiri, mavalavu amapsa ndipo pisitoni itha kubooka. Galimoto zamakono zili ndi kompyuta yolinganiza zimenezi. Zakale, za kabureta, zimadalira makaniko.

Apa ndi pomwe malo amalowererapo. Anthu ambiri a ku Mangochi amakagwira ntchito ku South Africa ndipo ena amabwerako ndi galimoto, kuphatikizapo za kabureta monga Nissan 1400, yomwe inapangidwa kumeneko mpaka mu 2008, ndi ma Citi Golf akale. Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pomwe nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475. Kumalo okwera mpweya umapepuka. Kabureta imene inachepetsedwa mafuta kuti igwirizane ndi mpweya wa ku Johannesburg, ikafika ku Monkey Bay imakoka mpweya wochulukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo 10 kapena kuposerapo, pomwe mafuta sawonjezeka molingana ndi mpweyawo. Zotsatira zake, injini imatentha ndi kugogoda. Galimoto yotere imafunika kuonedwanso majeti a kabureta ndi nthawi ya moto ikangofika.

Chachiwiri ndi petulo weniweniyo. Dziko la Malawi lakhala likusakaniza petulo ndi ethanol kuyambira mu 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo mu 2004 kunabweranso PressCane ku Chikwawa. Mlingo wa ethanol utha kufika malita 20 pa malita 100 alionse. Ethanol ali ndi ubwino wake, chifukwa amachepetsa kugogoda kwa injini. Koma amafuna mpweya wocheperapo kuti ayake, choncho kabureta yakale imafunika kupatsidwa mafuta ochulukirapo pang'ono. Amadyanso mapaipi akale a labala ndipo amayamwa chinyezi. Galimoto kapena boti likakhala nthawi yaitali osayenda, madzi ndi ethanol zimadikha pansi pa thanki, pomwe paipi imakokera mafuta.

Chachitatu ndi mtovu. Kale petulo ankathiridwa mtovu umene unkateteza pokhala mavalavu, koma chifukwa choti ndi poizoni ku thanzi la anthu, maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya kuugwiritsa ntchito pofika kumayambiriro kwa 2006. Injini zakale kwambiri, zokhala ndi hedi yachitsulo chofewa, zimadyeka pokhala mavalavu zikamagwira ntchito yolemetsa ndi petulo wa lero. Okonza galimoto zamakedzana amaikamo timphete tachitsulo cholimba pamalopo, ndipo nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi pomwe hedi ili kale pansi.

Pali kutenthanso. M'miyezi ya October ndi November, ku Mangochi kumatentha kupitirira madigiri 35, ndipo pikapu yodzaza ndi nsomba iyenera kukwera mapiri a Chowe popita ku Namwera kapena chikweza cha Golomoti popita ku Dedza. Amakaniko ambiri amachotsa thermostat poganiza kuti injini izizizira. Koma pa injini zina kachipangizoka ndi komwe kamatseka njira yachidule ya madzi kuti onse adutse mu rediyeta, choncho kukachotsa kumawonjezera vuto. Mankhwala enieni ndi rediyeta yotsuka bwino, chitsekerero chake chogwira mphamvu, ndi madzi osakaniza ndi coolant m'malo mwa madzi otunga kunyanja amene amabweretsa dzimbiri.

Pali chinthu chimodzi chimene makaniko wa ku Mangochi sayenera kutengera kwa anzake a mipikisano. Injini yampikisano imaikidwa camshaft yotsegula mavalavu nthawi yaitali ndi makabureta akuluakulu monga a Weber, kuti ipereke mphamvu ikamazungulira kwambiri. Malipiro ake ndi akuti imamwa mafuta, imafooka ikamayenda pang'onopang'ono, ndipo imaphwasulidwanso pakangotha maola makumi angapo. Galimoto yamatola imafuna mphamvu yokoka katundu ndi moyo wautali. Choyenera kutengera ndi kusamala kwawo poyeza. Kuthamanga si kufika.

Injini ya boti ili ndi malamulo ake

Injini zambiri zomangirira kumbuyo kwa maboti a asodzi, monga Yamaha Enduro ya mahosipawa 15 kapena 40, ndi za two-stroke. Zilibe mosungira oyilo ngati ya galimoto. Oyilo amathiridwa mu petulo momwemo, ndipo ndi yekhayo amene amafewetsa mapisitoni ndi mabering'i. Pa injini zambiri zamtunduwu mlingo ndi gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, kutanthauza theka la lita m'thanki ya malita 25. Oyilo wake ndi wopangidwira injini za pamadzi, wokhala ndi chizindikiro cha TC-W3. Oyilo wa galimoto amasiya mwaye umene umamatirira maring'i.

Izi zikutanthauza kuti pa injini ya boti, kuchepa kwa mafuta ndi kuchepanso kwa oyilo. Jeti ya kabureta ikatsekeka pang'ono ndi zinyalala za m'chigubu, kapena seal ya crankshaft ikamalowetsa mpweya, silinda imauma ndipo pisitoni imagwira. N'chifukwa chake ovaholo imene yasintha mapisitoni koma osasintha ma seal ndi kutsuka kabureta imabwerera ku galaja ndi matenda omwewo. Nthawi imene mafuta akusowa ndipo anthu akugula a m'zigubu, kusefa petulo asanalowe m'thanki n'kofunika kwambiri.

Injinizi zimaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja omwe amakokedwa ndi kampope ka labala kotchedwa impeller. Kuliza injini pamtunda popanda madzi, ngakhale kwa kanthawi kochepa, kumakapsereza. Kuiyendetsa m'madzi osaya a mchenga, monga pogwetsa boti pagombe, kumakadya. Kamtsinje ka madzi kotuluka kumbuyo kwa injini ndi umboni woti kampopeko kali moyo, ndipo kakasiya, injini iyenera kuzimitsidwa nthawi yomweyo. Oyilo wa giya ya m'munsi akaoneka ngati mkaka ndiye kuti madzi alowa, kawirikawiri chifukwa cha ulusi wa ukonde umene unakulunga pa shafiti ya pulopela n'kudula seal.

Kutchuna injini ya boti kumathera pa pulopela. Injini zamtunduwu zinapangidwa kuti zikatsegulidwa mafuta onse zizizungulira pakati pa maulendo 4,500 ndi 5,500 pa mphindi. Boti lamatabwa lonyamula khoka lonyowa la chilimira, anthu ndi usipa ndi lolemera. Likapatsidwa pulopela yoyenera boti lopepuka laliwiro, injini imalephera kufika pa mlingowo ndipo imavutika ngati galimoto yokwera phiri pa giya yomaliza. Pulopela yoluma madzi pang'ono imachepetsa liwiro, koma imatalikitsa moyo wa injini.

Kufunika kwa zonsezi kumaoneka m'miyezi ya May mpaka August pomwe mphepo ya mwera imawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa. Galimoto ikazima pamsewu wa Monkey Bay, okwera amatsika n'kudikira ina. Injini ikazima pakati pa mafunde a mwera, boti limatembenukira cham'mbali ndipo madzi amayamba kulowa, kapena limatengedwa ndi mphepo kupita kutali ndi gombe.

Maola oyamba ndi mafunso a mwini injini

Injini yongomangidwa kumene imafuna kuleredwa. Maring'i atsopano amayenera kuzolowerana ndi khoma la silinda. Pa galimoto, makilomita 1,000 oyamba amafunika kuyendedwa mosinthasintha liwiro, popanda katundu wolemetsa, kenako oyilo ndi sefa yake zisinthidwe ndipo mipata ya mavalavu iyezedwenso. Pa injini ya boti ya two-stroke, maola 10 oyamba amafuna oyilo wowirikiza kawiri, gawo limodzi pa magawo 25, ndiponso kupewa kutsegula mafuta onse kwa nthawi yaitali. Ngongole ya ovaholo imakakamiza ambiri kudzaza katundu tsiku loyamba lomwe, ndipo ntchito ya masabata awiri imawonongeka m'maola ochepa. Kwa asodzi amene zida zawo zimaletsedwa pa nyengo yotseka nyanja, yomwe imayamba mu November, imeneyo ndiyo nthawi yokonzetsa injini popanda phuma.

Mwini injini safunika kukhala makaniko kuti adziteteze. Atha kufunsa manambala a kupanikiza kwa silinda iliyonse injini isanatsegulidwe. Atha kupempha kuti milingo ya masilinda ndi crankshaft ilembedwe papepala, pamodzi ndi saizi ya mapisitoni ndi mabering'i amene aikidwa. Atha kuona ndi maso ake ngati galajayo ili ndi micrometer ndi sipana yoyeza mphamvu. Ali ndi ufulu woona mapaketi a zipangizo zatsopano, popeza zachinyengo n'zambiri pamsika, komanso wolandira zakale zimene zachotsedwa. Ngati buloko yasinthidwa, nambala ya injini yasinthanso, ndipo zikalata za galimotoyo ku ofesi yoona za pamsewu ziyenera kukonzedwa.

Luso lilipo kale m'boma la Mangochi. Ku Monkey Bay kuli sukulu ya Marine Training College yophunzitsa oyendetsa ndi okonza sitima, ku Mpwepwe kuli Malawi College of Fisheries, ndipo bungwe la TEVETA limayang'anira maphunziro a umakaniko m'dziko muno. Amakaniko ambiri a m'madoko a asodzi anaphunzira ntchito poyang'ana ndi kugwira, ndipo amadziwa kulira kwa injini kuposa aliyense. Chimene ambiri akusowa ndi zida zoyezera, buku la milingo ya injini imene akukonza, ndi mwini injini wololera kudikira masiku angapo kuti buloko ipite ku makina. Mtengo wa micrometer ndi sipana yoyeza mphamvu ndi wochepa poyerekeza ndi wa injini imodzi yonoka, ndipo zida zimenezi zikagulidwa kamodzi zimagwira ntchito pa injini mazanamazana.